OS/2: nyumba imene inadzala ndi alendo

Ambiri a ife tinakula tikudziwa Windows cabe. Kusukulu Windows, ku kafe ya intaneti Windows. Koma kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990 kunali mpikisano weniweni, ndipo OS/2 inali pakati pa opikisanawo.

OS/2 inapangidwa ndi IBM pamodzi ndi Microsoft, ndipo inatuluka mu 1987. Mu 1990 Windows 3.0 inagulidwa kwambiri, makampani awiriwa n'kupatukana. IBM inatsala yokha ndi OS/2, ndipo mu 1992 inatulutsa OS/2 2.0. Inali yolimba: pulogalamu imodzi ikagwa, kawirikawiri zina zinali kupitiriza kusewenza. Desktop yake, Workplace Shell, anthu anaikonda.

Vuto linali mapulogalamu. Munthu sagula kompyuta kuti aziiyang'ana; afuna kulemba kalata ndi kuwerengera ndalama. Mapulogalamu ambiri panthawiyo anali a DOS ndi Windows. Conco IBM inaika mkati mwa OS/2 gawo lochedwa Win-OS/2, lotha kuyendetsa mapulogalamu a Windows. Ogula anakondwa.

Manje tayerekezani kuti muli ndi kakampani kopanga mapulogalamu. Mwalemba pulogalamu imodzi ya Windows, ndipo a OS/2 naonso akuigula. Mungalipirenso anthu kuti alembe ina ya OS/2? Ambiri sanatero. Ena anayesako, monga Lotus, imene IBM inagula mu 1995, koma anali ocepa.

Caka comweco Windows 95 inabwera, ndipo mapulogalamu atsopano anasamukira ku 32-bit. Win-OS/2 inali ya m'nthawi ya Windows 3.1, ndipo ambiri mwa atsopanowo siinathe kuwayendetsa. Alendo anacoka, eninyumba anali ocepa.

IBM inayesa njira ina. Sun Microsystems inali itatulutsa Java mu 1995, ndi lonjezo lakuti pulogalamu imodzi idzayenda pa makina alionse okhala ndi runtime yake. OS/2 Warp 4 ya mu 1996 inabwera ndi Java m'kati. Koma pa makompyuta a masiku amenewo Java inali yocedwa, mapulogalamu ake sanali kugwirizana bwino ndi Workplace Shell, ndipo pulogalamu iliyonse ya Java inali kuyendanso pa Windows. Nanga munthu akanasankhiranji OS/2?

Tisanamizire runtime mlandu wonse. Makompyuta ambiri anali kugulitsidwa Windows ili kale m'kati, ndipo OS/2 inali kufuna RAM yambiri pamene RAM inali yodula. IBM inaleka kuithandiza pa 31 Disembala 2006.

Komabe siinafe. Mabanki anaisewenzetsa zaka zambiri m'makina a ATM, ndiponso inali m'dongosolo la makadi a MetroCard a sitima za mu New York. Mu 2017 kampani ya Arca Noae inatulutsa ArcaOS, yocokera ku OS/2 yomweyo. Cocititsa cidwi n'cakuti otsalawo amadalira zinthu zobwereka: Qt, OpenJDK, ndi Odin, imene imathandiza mapulogalamu ena a Windows kuyenda pa OS/2. Anthu ocepa sangalembe okha browser yamakono. Popanda zobwerekazo, makina ao akanatsekeka kunja kwa intaneti ya lero.

Mbiri imeneyi itionetsa kuti runtime imasunga anthu amene ali kale m'kati, koma siibweretsa atsopano. Atsopano amabwera cifukwa ca cinthu cimene sangacipeze kwina. Ndipo kudalira runtime ya mnzako kutanthauza kuti iye akasintha njira, iwe utsala.

Inu amene muphunzira Flutter kapena Electron, musacite manyazi: kulemba kamodzi kumapulumutsa nthawi ndi ndalama. Koma ngati mukonda Haiku, ArcaOS kapena kadongosolo kena kakang'ono, lembaniko pulogalamu imodzi yakeyake, yosewenzetsa zimene kali nazo kokha. OS/2 inasowa mapulogalamu otero pamene inali kuwafuna kwambiri.