Nkhani yoipa ndi muyeso wake pa nthawi ya Covid-19

"Nkhani ili pati apa?" Limeneli ndi funso lomwe mkonzi amafunsa mtolankhani akamubweretsera zomwe walemba, ndipo aliyense wogwira ntchitoyi amadziwa yankho lomwe limapezetsa malo pa tsamba loyamba. Basi yomwe yafika bwino ku Mzuzu salemba. Amalemba yomwe yagubuduzika panjira. M'chaka cha 1965 akatswiri awiri a ku Norway, Johan Galtung ndi Mari Holmboe Ruge, adandandalika zinthu 12 zomwe zimachititsa kuti chochitika chisanduke nkhani, ndipo kuipa kwa chochitikacho kudali pamndandandawo. Chifukwa chake nchosavuta kumva. Choipa chimagwa tsiku limodzi, aliyense nkuchiona. Chabwino chimadza pang'onopang'ono, ndipo munthu wochira amangonyamula kachikwama kake nkutuluka m'chipatala popanda womujambula.

Masiku wamba chizolowezichi sichipweteka kwenikweni. Koma mliri ukagwa, anthu samvera nkhani kuti angodziwa. Amamvera kuti aganize zochita: apite kuchipatala kapena akhale kunyumba, abayitse katemera kapena adikire, akapezeke pamaliro a malume kapena angotumiza chipepeso. Ndiye mawu omwe atolankhani amagwiritsa ntchito pokamba za ntchito yawo, monga kukokomeza, kukondera, kumva mbali zonse ndi mphekesera, amafunika kuwamvetsa bwino.

Kumapeto kwa 2020 Bruce Sacerdote wa ku Dartmouth College ndi anzake awiri adasanthula nkhani zambirimbiri za Covid-19. Adapeza kuti m'nyumba zikuluzikulu zofalitsa nkhani ku America, pafupifupi nkhani 9 pa 10 zilizonse zidali zodetsa nkhawa, pomwe m'nyumba za m'maiko ena zidali theka ndi pang'ono. Ngakhale m'masabata omwe matendawa ankatsika, kalembedwe ka ku America sikankasintha. Apa ndiye pali vuto lenileni. Munthu womvera nkhani zotere sangathe kusiyanitsa sabata yomwe zinthu zaipa ndi sabata yomwe zayamba kukhala bwino.

Komabe nkhani yoipa ndi nkhani yokokomeza ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ambiri omwe amadzudzula atolankhani amazisakaniza. Pa 12 January 2021 nduna ziwiri za boma la Malawi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zidamwalira ndi Covid-19 tsiku limodzi. M'zipatala mpweya wa okosijeni udali wosakwanira, ndipo bwalo la masewero la Bingu ku Lilongwe lidasanduka malo ogonekapo odwala. Nkhani za mwezi umenewo zidali zowawa chifukwa mweziwo udali wowawa. Chimodzimodzi nkhani ya K6.2 biliyoni yolimbana ndi mliriwu, yomwe gawo lake lidathera m'maalawansi ndi kugula katundu mosatsata ndondomeko: inkakhumudwitsa, koma mtolankhani woisiya pofuna kuti anthu asataye mtima akadalakwira odwala omwe ndalamazo zidayenera kuwathandiza. Kukokomeza kuli ndi mnzake, yemwe ndi kuchepsa, ndipo ine ndimaopa kuchepsa kuposa kukokomeza. Ku Tanzania boma la John Magufuli lidasiya kutulutsa ziwerengero odwala atafika 509, kenako nkulengeza kuti matendawa atha. Nkhani zoipa zidachepadi kumeneko, koma anthu sadasiye kudwala.

Chomwe chimasiyanitsa nkhani yoona ndi yokokomeza kawirikawiri ndi nambala yachiwiri, ija imayankha funso lakuti "mwa angati?". Unduna wa Zaumoyo unkatulutsa ziwerengero tsiku ndi tsiku: omwe apezeka ndi kachilombo, omwe achira, omwe agonekedwa, omwe amwalira ndi omwe ayezedwa. Pamutu wankhani pankakwera omwe apezeka nako ndi omwe amwalira. Koma anthu 100 opezeka nako mwa 500 oyezedwa ndi nkhani ina, ndipo 100 mwa 5,000 ndi nkhani inanso. Akadaulo a zaumoyo ankayang'ana kwambiri kuti pa anthu 100 alionse oyezedwa ndi angati apezeka nako, chifukwa nambala imeneyi ndi yomwe imaonetsa ngati mliri ukukula. Komanso "wapezeka nako" sizitanthauza kuti "wadwalika". Ambiri adali kunyumba, ena osamva ngakhale mutu. Ndipo chiwerengero chophatikiza cha kuyambira pa 2 April 2020, tsiku lomwe anthu atatu oyamba adapezeka nako ku Lilongwe, sichingatsike ngakhale mliri utazilala, chimangokwera basi. Kuchiwerenga chokha usiku ulionse kunkamveka ngati moto ukungoyakirayakira.

Nkhani ya katemera wowotchedwa imaonetsa bwino zimenezi. Pa 19 May 2021 boma lidawotcha katemera wa AstraZeneca wokwana 19,610 pachipatala cha Kamuzu Central, ndipo zithunzi zake zidafika dziko lonse lapansi. Womva mutu wokha ankaganiza kuti Amalawi akana katemera. Koma katemerayo adali gawo la 102,000 yemwe adafika pa 26 March kudzera ku African Union, pomwe tsiku lake lotha mphamvu lidali 13 April. M'masabata osakwana atatu amenewo azaumoyo adabaya pafupifupi magawo anayi mwa asanu a katemerayo. Mantha a katemera adalipodi, ndipo adachedwetsa ntchito. Koma nkhani yotchula 19,610 nkusiya 102,000, ngakhale ilibe bodza, imamusokeretsa wowerenga.

Tsono pali lamulo lomwe mtolankhani aliyense amaphunzira asadalembe nkhani yake yoyamba: imva mbali zonse. Ndi lamulo labwino, ndipo mu April 2020 lidagwira ntchito yake. Boma la a Peter Mutharika lidalamula m'bindikiro wa masiku 21 kuyambira pa 18 April. Ochita malonda m'misika adakwiya, bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC lidapita kukhothi, ndipo pa 17 April Khothi Lalikulu lidapereka chiletso. Apa padalidi mbali ziwiri zoyenera kumvedwa mofanana. Dokotala woopa kuti zipatala zidzadzaza ankanena zoona, mayi wogulitsa tomato yemwe amadya zomwe wapeza tsiku lomwelo ankanenanso zoona. Mkanganowo udali wa chomwe tiike patsogolo, ndipo pa mkangano wotere mawu a mayi uja ndi olemera ngati a dokotala.

Lamulo lomweli limasokeretsa likafika pa funso lomwe umboni udaliyankha kale. Kupatsa mphindi zisanu katswiri wa katemera ndi mphindi zisanu munthu wonena kuti katemera ndi chizindikiro cha 666 kapena kuti amatseka mimba kumaoneka ngati chilungamo, koma ndi sikelo yabodza, yoonetsa mwala ndi thonje ngati zolemera chimodzimodzi. Ku Britain adaziona kale izi. Andrew Wakefield atalemba mu 1998 zogwirizanitsa katemera wa MMR, yemwe amatetezanso ku chikuku, ndi matenda a autism, nyumba zofalitsa nkhani zidatha zaka zikuonetsa nkhaniyi ngati mkangano wa magulu awiri ofanana mphamvu. Makolo ambiri adasiya kubayitsa ana, chikuku chidabwerera, ndipo magazini ya The Lancet, yomwe idasindikiza zomwe adalembazo, idazichotsa mu 2010. Kusakondera sikugawa nthawi pakati ndi pakati ayi. Ndi kupatsa mfundo iliyonse malo olingana ndi umboni wake.

Izi sizikutanthauza kunyoza munthu wamantha. Agogo omwe adamva pa WhatsApp kuti katemera amaumitsa magazi adafunika yankho laulemu, ndipo yankho loona lidali lakuti mu April 2021 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya lidatsimikiza kuti vutoli limachitikadi ndi katemera wa AstraZeneca, koma mwa apo ndi apo kwambiri, ndipo phindu la katemerayo lidaposa chiopsezocho. Kuwauza kuti zonsezo ndi zabodza kukadakhala kuwanamiza. Mphekesera zambiri zimamera pa kachoonadi kakang'ono, nchifukwa chake zimavuta kuzula. Mkulu wa bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, Tedros Adhanom Ghebreyesus, adatchukitsa mawu akuti infodemic mu February 2020, kutanthauza kusefukira kwa mauthenga, oona ndi onama pamodzi, mpaka munthu osadziwa wokhulupirira. Pa nthawi yotere ntchito ya mtolankhani ndi kusefa, ndipo pena ndi kulimba mtima nkulemba kuti akatswiri sadapezebe yankho.

Munthu akamva zoopsa zokhazokha, osauzidwa kukula kwake kapena chomwe angachite, amatopa nkutseka wailesi. Lipoti la Reuters Institute la 2022 lidapeza kuti anthu 38 pa 100 alionse m'maiko omwe adafunsidwa ankapewa nkhani mwadala nthawi zina kapena kawirikawiri, pomwe mu 2017 adali 29. Kutopa kumeneku kumandidetsa nkhawa chifukwa mliri wotsatira sudikira kuti anthu apume. Mu March 2022, Covid-19 atapha kale anthu oposa 2,600 m'kaundula wa boma, kolera idabuka ku Machinga. Idafalikira m'maboma onse a dziko lino nkupha anthu oposa 1,700, ndipo mauthenga a madzi othira klorini ndi thanzi ORS adayenera kukafika kwa anthu omwe adali atamva kale za imfa kwa zaka ziwiri.