Salimo Lopulumutsa Khosi



Mukakwera minibasi ya ku Woodlands kudzera mu Independence Avenue, mumaona Cathedral of the Holy Cross ndi High Court zili pafupi. Chibale cha tchalitchi ndi khoti n'chakale. Mawigi a majaji, mikanjo, mawu aja oti "My Lord", mboni kugwira Baibulo polumbira, zonsezi zinachokera ku England. Mpaka lero, pamene malamulo athu sananene kanthu, makhoti amatha kugwiritsa ntchito malamulo amene analipo ku England pa 17 August 1911, tsiku limene Northern Rhodesia inakhala dziko limodzi.

Mwambo umodzi wokha sunafike kuno, unafera komweko. Ankautcha benefit of clergy. Mu 1170 Akibishopu Thomas Becket anaphedwa m'tchalitchi ku Canterbury atakangana ndi Mfumu Henry II pa funso ili: wansembe akalakwa, amuzenge mlandu ndani? Pambuyo pa imfayo mfumu inagonja, ansembe n'kumazengedwa m'khoti la mpingo. Ndipo khoti la mpingo silinkanyonga munthu.

Manje jaji adziwa bwanji kuti uyu ndi wa mpingo? Masiku amenewo odziwa kuwerenga ambiri anali a mpingo, ndiye ankangomutsegulira buku m'Chilatini. Nthawi zambiri vesi lake linali limodzimodzi, chiyambi cha Salimo 51, pemphero la Davide atachimwa ndi Betiseba. Akuba anazindikira msanga. Munthu wosadziwa ngakhale chilembo chimodzi ankaliloweza pamtima, n'kuyang'ana m'buku kwati akuwerenga, chingwe n'kumuphonya. Anthu analitcha vesi la khosi. Kuti asabwerenso kachiwiri, ankamuwotcha chala chachikulu ndi chitsulo chamoto. Ben Jonson, wolemba masewero uja, anapha munthu mu 1598 n'kupulumuka momwemo. Mayeso owerenga anathetsedwa mu 1706, mwambo wonse mu 1827.

Ine sindiwaseka kwambiri akuba aja. Nthawi imeneyo kuba katundu wa mtengo wopitirira shereni imodzi chabe kunali mlandu wa chingwe, ndipo majaji ena ankamva ndithu kuti munthuyu akungotchula za pamtima, koma n'kumulola. Ife kuno chilango cha imfa tachichotsa posachedwapa, mu December 2022.

Chimene chikundisautsa n'chakuti inenso Salimo 51 ndinaliloweza ku Sande Sukulu. Chaka chatha pa Lachitatu la Phulusa ndinaima kutsogolo n'kulimaliza lonse osaphonya liwu, pakamwa pakuyenda, mutu uli pa mayi wina amene anatenga katundu wanga pa ngongole n'kuzimitsa foni. Ndinali nditakonza kale zomutengera kupolisi. Chaka chino andiikanso pa ndandanda yowerenga, ndipo mayi uja sanandilipirebe.