Katete: tauni ya alimi pa msewu wa Great East

Katete ndi tauni ndiponso boma m'cigawo ca kum'mawa kwa Zambia. Ili pa msewu wa Great East, makilomita pafupifupi 90 musanafike ku Chipata mukamacokera ku Lusaka, m'tsinde mwa mapiri a Mphangwe. Pomwepo pamapatuka msewu wopita ku Chanida, pa malire ndi dziko la Mozambique, n'cifukwa cake malole a katundu sasowa. Mlendo amasokonezeka poona kuti tauniyi ili pawiri: pali Katete Stores pa msewu waukulu, pamene pali masitolo, msika ndi mabasi, ndiye pali ku Boma, capatali pang'ono, kumene kuli maofesi. Ambiri amayenda pakati pa malo awiriwa pa njinga zonyamula anthu.

Eni dera ndi Acewa. Likulu la mfumu yao yaikulu, Kalonga Gawa Undi, lili ku Mkaika m'boma lomweli. Caka ciliconse, Loweruka lotsiriza la mwezi wa August, mafumu a Acewa ocokera m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana kumeneko pa mwambo wa Kulamba. Amabwera ndi mphatso, namuuza Gawa Undi za umoyo wa anthu ao, zokolola ndi mavuto a m'madera mwao. Boma la atsamunda linaletsa mwambowu mu 1934, ndipo unayambanso mu 1984. Gule Wamkulu amene amavinidwa pa tsikulo anazindikiridwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005. Nkhani ya Nyau yakhala ikuvutitsa mipingo kuyambira masiku a amishoni, ndipo m'mabanja ambiri a ku Katete mbali ziwirizi zimadyera m'mbale imodzi.

Amishoni a Dutch Reformed, amene anayamba nchito ku Magwero mu 1899, anafikanso ku Katete, ndipo mpingo wa Reformed Church in Zambia uli ndi mizu yozama m'derali. Koma dzina limene aliyense amalidziwa ndi la cipatala ca St Francis. Anaciyambitsa mu 1948 ndi Francis Trefusis, wansembe wa Anglican amenenso anali dokotala. Lero cimayendetsedwa ndi a Anglican pamodzi ndi a Katolika, cili ndi sukulu ya anamwino, ndipo odwala amacokera kutali, ena kutsidya kwa malire.

Cimene cimagwiriziza zonsezi ndi khasu. Anthu amalima cimanga, nshawa, thonje, mpendadzuwa ndi soya, ambiri pa minda yaing'ono, ndi makasu kapena ng'ombe. Mvula imayamba ca m'November n'kutha m'March kapena April. Kuyambira May tauni imadzuka: ngolo zimabwera ndi matumba, masikelo amapacikidwa m'mbali mwa msewu, ogulitsa malata ndi njinga amasekerera. Apa ndiye pali msampha. Mlimi wofuna ndalama ya yunifomu ya mwana kapena ya mankhwala sangathe kudikira kuti madepoti a FRA atsegulidwe ndi kulipira, motero amagulitsa msanga kwa amalonda oyendayenda pa mtengo wotsika. Ikafika January, pamene nkhokwe zapepuka, yemweyo amagula ufa pa mtengo wokwera kapena kupita ku ganyu m'munda mwa mnzake, wake n'kumera udzu. Ngakhale copereka ca pa Sondo cimatsatira kalendala imeneyi, monga asungicuma a mipingo amadziwira.

Cilala ca nyengo ya 2023/2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza kuti ndi tsoka la dziko m'February 2024, cinaonetsa kuopsa kodalira cimanga cokha. Alimi okhala ndi madimba m'mbali mwa madambo anapezako polowera pogulitsa matimati ndi repu. Enanso anagulitsa mbuzi kapena nkhumba kuti agule cakudya.

Mu 2012 mbali ya kumadzulo kwa boma la Katete inadulidwa pamodzi ndi mbali ya Petauke kupanga boma latsopano la Sinda.