Ntchito Yofukula Zakale ndi Nyumba Zosungiramo Zaluso m'Malawi

Zinthu zimene timaziona m'nyumba zosungiramo zaluso ndi zakale zimafikamo kudzera m'njira ziwiri. Zina zimachokera m'manja mwa anthu amoyo, monga osema ndi oumba, pamene zina zimafukulidwa m'nthaka ndi akatswiri a mbiri yakale. Akatswiriwa sangotola chinthu ayi, koma amalemba malo amene chapezeka, kuya kwa dothi ndi zina zimene zinali pambali pake. Makala ndi mafupa amapimidwa pofuna kudziwa zaka zake. Popanda zimenezi, phale limangokhala phale basi.

Chitsanzo cha njira yoyamba ndi Kungoni ku Mishoni ya Mua m'boma la Dedza, malo amene Bambo Claude Boucher anawayambitsa m'chaka cha 1976. M'nyumba ya Chamare pamalopo muli zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana ndiponso zofotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao.

Njira yachiwiri tikuiona ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, kumene kunali likulu la Kalonga. Kumeneko Dr. Yusuf Juwayeyi anafukula mapale, mikanda, mkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale za ku China. Zimenezi zinatsimikiza kuti Amaravi ankachita malonda ndi maiko akutali Azungu asanakhazikike kuno. Buku lake lofotokoza ntchitoyi linatuluka mu 2020. Nako ku Karonga, nyumba yosungiramo zakale imene inatsegulidwa mu 2004 imafotokoza za Malawisaurus ndi za chibwano cha munthu wakalekale chimene chinapezeka ku Uraha mu 1991.

Zaluso zina sizinganyamulidwe. Ku Chongoni kuli malo 127 a zithunzi zojambulidwa pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira anajambula ndi Akafula, pamene zoyera zambiri ndi za Achewa, zokhudza chinamwali ndi zilombo za nyau monga kasiyamaliro. Apa kufukula m'mapanga ndi kufunsa akuluakulu zimathandizana pomasulira zojambulazo.

Nkhaniyi ikutikhudza ifenso a ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma. Polima, pokumba chitsime kapena poumba njerwa, tingathe kupeza mapale okhala ndi zolembalemba, mikanda kapena zotsalira za ng'anjo zosungunuliramo chitsulo. Tisaziswe, tisazigulitse, ndipo tisazisunthe pamalo pake. Tidziwitse a mfumu ndi nthambi ya boma yoona za zinthu zakale ku Lilongwe, pakuti lamulo la dziko limateteza zinthu zotere.

Tikupempha makatekisiti kuti afotokozere akhristu m'miphakati za nkhaniyi. Chinthu chikachotsedwa pamalo pake mosasamala, mbiri yake imatayika, ndipo palibe katswiri amene angaibwezere kwa ana athu.