Zilapi, Chisuweni ndi Usabwira: Mbiri ya Nthabwala Zololedwa m'Chigwa cha Shire

M'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, kumene mtsinje wa Shire umati ukatsika mathithi a Kapichira n'kuyamba kuyenda mwaulesi kudutsa madambo a Dabanyi ndi Ndindi mpaka kukathira mu Zambezi, muli mwambo wakale umene umalola anthu ena kufunsana mafunso opanda mutu, kuyankhana mokhota ndi kulangizana zinthu zimene aliyense womva amadziwa kuti sizingachitidwe monga zanenedwera. Mlendo atamva munthu wamkulu ndithu akufunsa mnzake pagulu chifukwa chimene mkazi wake sanamuthawirebe, wofunsidwayo n'kuyankha kuti mayiyo akudikira kuti mlatho wa pa Chiromo umangidwenso, angayese anthuwo ndi achipongwe kapena aledzera, chikhalirecho kuyankhulana kotere kuli ndi eni ake, nthawi yake ndi malire ake, ndipo ufulu wonyoza umene munthu amapatsidwa umalingana ndi kulemera kwa udindo umene ali nawo pa wonyozedwayo. Mbiri ya mwambowu njolukanalukana ndi mbiri ya anthu a mitundu yosiyana amene njala, nkhondo ndi ntchito yokakamiza zinawaunjika m'chigwa chimodzi chotentha, n'kuwasiya kuti apeze okha njira yokhalira pamodzi ndi yoikana m'manda.

Sukulu yoyamba ya luso limeneli inali zilapi, zimene ena amazitcha ndagi, ndiko kuti mafunso amene yankho lake limabisidwa m'fanizo. Madzulo, makamaka zokolola zitalowa m'nkhokwe, ana ankasonkhana pabwalo kapena pakhomo la gowero, nyumba yogonamo achinyamata osakwatira, ndipo wofunsa ankayamba ndi mfuu yakuti “Chilape!”, anzake n'kuvomera kuti “Nachize!”, asanaponye chilapi chake, monga chija cha nyumba yopanda khomo, imene ndi dzira, kapena chija cha awiri ozungulira uku ndi uko kuti akakumane kutsogolo, chimene ndi lamba. Mayankho otere ana ambiri ankawaloweza pamtima msanga, choncho kukoma kwa sewerolo kunkagona pa dongosolo lake: olephera ankayenera kulipira ng'ombe za pakamwa kuti auzidwe yankho, wofunsa ankatha kunyinyirika kuti ng'ombezo n'zochepa kapena zowonda, ndipo mkangano umene unkabuka pamenepo unkatha kutalika kuposa chilapi chenichenicho. Pamenepa mwana ankaphunzira kuti funso likhoza kufunsidwa ndi munthu wodziwa kale yankho, kuti yankho lolakwa koma lanzeru limasekedwa mokondwa kuposa lolondola lopanda mchere, ndiponso kuti kugonja pakamwa si chifukwa chokwiyira. Azungu amene analemba za Chimang'anja ndi Chinyanja anaziona zilapi msanga. David Clement Scott anasindikiza dikishonale yake ya Chimang'anja mu 1892, R. S. Rattray anaika zilapi m'buku lake la nthano za Chinyanja la mu 1907, ndipo Ernest Gray anasonkhanitsa zina mu 1939, ngakhale ntchito zimenezi zinachitikira kumtunda osati m'chigwa. Koma pepala limasunga funso ndi yankho lokha, pamene kukangana pa ng'ombe zija, kumene kunali mtima wa sewerolo, kumatsala pabwalo.

Munthu akakula, luso lomweli linkalowa m'chibale, ndipo apa mwambo unkagawa anthu m'magulu awiri, oyenera kuwaopa ndi oyenera kuwaseka. Katswiri wa chikhalidwe cha anthu A. R. Radcliffe-Brown, m'nkhani yake ya mu 1940, anafotokoza ubale wa nthabwala ngati chipongwe chololedwa, chimene chimapezeka pakati pa anthu amene ali pafupi komanso patali nthawi imodzi, ndipo anaonetsa kuti kuseka ndi kupewana ndi njira ziwiri zothetsera vuto limodzi. Kwa Amang'anja, amene mbumba yawo imatsata kuchikazi ndipo mwamuna amakakhala chikamwini kwao kwa mkazi, mkamwini sankayang'anizana ndi apongozi ake aakazi kapena kudya nawo mbale imodzi, koma alamu ake ankatha kumufunsa pamaso pa anthu ngati khasu lake linabwera ndi mpini kapena analisiya kwao. Asuweni, ndiko kuti ana a mlongo ndi ana a mlongo wake wamwamuna, anali oyenera kukwatirana, ndipo chisuweni chinkawapatsa ufulu wotchulana kuti “mkazi wanga” kapena “amuna anga” ngakhale ukwatiwo usanakhalepo kapena sudzakhalapo n'komwe. Gogo wamkazi nayenso amatcha mdzukulu wake wamwamuna “amuna anga”, n'kumamudandaulira kuti sanamugulire chitenje chaka chonse, ndipo m'madandaulo abodzawo mnyamata amamva koyamba zimene banja lidzafuna kwa iye, zinthu zimene mayi womubala sangamuuze poyera popanda manyazi.

Chimake cha mwambowu chimaoneka pamaliro. M'chigwa cha Zambezi, kumene Asena ambiri a ku Nsanje ndi Chikwawa anachokera, muli ubwenzi wotchedwa usabwira, umene Ashona a ku Zimbabwe amaudziwa ndi dzina la usahwira, ndipo ntchito yake imafanana ndi ya adzukulu pakati pa Achewa ndi Amang'anja. Sabwira ndi munthu wosakhala wa magazi amene amagwira ntchito zimene abale a womwalira saloledwa kugwira kapena sangazipirire: kusambitsa thupi, kulikulunga, kulinyamula ndi kuliika. Akatswiri monga Bronislaw Stefaniszyn mu 1950 ndi Mary Tew mu 1951 analemba za ubwenzi wa maliro woterewu pakati pa mitundu ingapo ya chigawo chino cha Africa, ndipo anaona chinthu chimodzi chobwerezabwereza, chakuti amene amasenza chidetso cha imfa m'malo mwa banja ndiye amenenso amaloledwa kulinyoza banjalo osaimbidwa mlandu. Munthu wotere akhoza kugwira nkhuku ya pakhomo osapempha, akhoza kutsanzira mayendedwe ndi mayankhulidwe a malemu mpaka ofedwa kuseka misozi ili m'masaya, akhoza kufunsa anamfedwa ngati akulirira munthuyo kapena akulirira ngongole zimene wasiya, ndipo akhoza kulangiza mwana wolowerera kuti apitirize kumwa chifukwa manda a pafupi ndi bambo ake akadali ndi malo. Langizo lomalizali aliyense amalimva bwino lomwe. Malume atanena zomwezo mosabisa pakhoza kubuka udani wa zaka, koma zikachokera kwa sabwira mwanayo amakakamizika kuseka limodzi ndi anthu, ndipo poseka amakhala wavomera kuti wamva. Izi zikusonyeza kuti malangizo a nthabwala sanali opanda pake monga amamvekera, popeza anali njira imodzi mwa zochepa zimene mudzi unali nazo zonenera choonadi chowawa popanda kupita nacho kubwalo la mfumu, ndipo usiku wa maliro, pamene valimba zinkalira ndipo anthu ankachezera mpaka kucha, unali nthawi imene choonadi chotere chinkamveka kwa mudzi wonse pamodzi.

Chifukwa chimene ubale wopangana unazikira mizu m'chigwachi chimamveka munthu akayang'ana zimene zinachitika kuyambira m'ma 1860. David Livingstone atakwera Shire mu 1859 anapeza midzi yambiri ya Amang'anja yolima thonje ndi kusula zitsulo, koma patangopita zaka zochepa chilala cha mu 1862 ndi 1863, pamodzi ndi nkhondo za ogwira akapolo monga Matekenya, zinapululutsa anthu mpaka mabanja athunthu kutheratu. Magololo, amuna osakwana makumi awiri amene Livingstone anabwera nawo kuchokera kumtunda kwa Zambezi, anatsala m'chigwachi iye atachoka mu 1864, ndipo pokhala ndi mfuti anasonkhanitsa opulumuka m'malinga awo, n'kukhazikitsa maufumu monga a Kasisi, Katunga ndi Maseya amene alipo mpaka lero pambali pa ufumu wakale wa Lundu. Midzi imene inamangidwa pambuyo pake inali ya anthu osakanikirana, ambiri a iwo opanda mbumba yowaika, ndipo m'dziko limene mwambi wake umati maliro n'kulirana, munthu wopanda womulira ankayenera kumupeza pakati pa oyandikana nawo.

Kusakanikirana kwachiwiri kunabwera ndi Asena, amene anayamba kulowa mwaunyinji chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, pamene Angerezi anali atangokhazikitsa ulamuliro wawo mu 1891, ndipo anachulukirachulukira pothawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, makamaka pambuyo pa nkhondo ya Makombe ya ku Barue mu 1917. Njanji yochokera ku Port Herald, dzina lakale la Nsanje, imene inafika ku Blantyre mu 1908 ndi ku Chindio mu 1915, pamodzi ndi ulimi wa thonje, zinakopanso anthu ena ofuna ntchito. Asena amatsata kuchimuna ndipo amalowola, Amang'anja amatsata kuchikazi ndipo amalandira mkamwini, choncho ukwati uliwonse wa pakati pawo unkadzutsa funso lenileni lakuti ana ndi a yani. Ndipo funso limene limavuta kubwalo la milandu silichedwa kusanduka nthabwala pa mowa, pamene wina amafunsa mnzake mtengo umene anagulira mkazi, winayo n'kubweza pomufunsa zaka zimene walimira apongozi osalandira kanthu. J. Clyde Mitchell, m'buku lake la mu 1956 lofotokoza za gule wa kalela m'migodi ya ku Northern Rhodesia, anaonetsa kuti mitundu imene kale inkamenyana, monga Angoni ndi Abemba, inasandutsa udani wawo kukhala chibale cha nthabwala ndi choikana maliro itakumana kuchilendo, ndipo ngakhale mbiri ya chigwa cha Shire ili ndi nkhope yakeyake, maganizo akewo amathandiza kumvetsa chifukwa chimene alendo ndi eni nthaka amasankhira kunyozana poyera m'malo mosungirana kukhosi. Elias Mandala, m'buku lake la mu 1990 lonena za ntchito ndi ulamuliro m'chigwachi, anafotokozanso za nomi, magulu a achinyamata amene ankagwira maganyu pamodzi n'kudzadyera limodzi phindu lake pa chikondwerero, ndipo magulu otere, okhala ndi atsogoleri awoawo kutali ndi maso a makolo, anali bwalo lina limene anyamata ndi atsikana ankanolerapo lilime.

Mipingo itafika, kuyambira ndi South Africa General Mission ku Lulwe ndi ku Chididi kenako ansembe a Montfort ku Chikwawa ndi ku Nsanje, usiku wa maliro unapeza eni ena, popeza nyimbo za kwaya ndi ulaliki zinayamba kutenga nthawi imene kale inali ya sabwira ndi adzukulu, ndipo Mkhristu wolimba ankachita manyazi ndi mawu ena otukwana amene mwambo unkalola. Chodabwitsa n'chakuti mmodzi mwa amene anasunga zambiri za chikhalidwe cha chigwachi anali wansembe wa gulu la Montfort lomwelo, Matthew Schoffeleers, amene anafufuza za Mbona wa ku Khulubvi ndi za nyau, ndipo mu 1985 anatulutsa pamodzi ndi Adrian Roscoe buku la zolankhula za makolo a m'Malawi lotchedwa Land of Fire.

Ulamuliro wa chipani chimodzi wa Dr. Hastings Kamuzu Banda unaika malire a mtundu wina, amene sanachokere ku chibale koma ku mantha. Anthu a m'chigwa anaona mwana wawo Gwanda Chakuamba, nduna yamphamvu yochokera ku Nsanje, akumangidwa mu 1980 pa mlandu woukira boma n'kugamulidwa zaka 22, ndipo anatuluka mu 1993. M'nyengo yotere panalibe usabwira umene ukanateteza munthu woseka boma, choncho nthabwala inabwerera kumene inali yotetezeka, kwa asuweni, alamu ndi kumanda. M'zaka zomwezo nkhondo ya ku Mozambique inathamangitsira anthu oposa miliyoni imodzi m'Malawi, ndipo ku Nsanje, kumene kunali misasa monga ya Mankhokwe ndi Nyamithuthu, othawa kwawo anafika pochuluka kuposa eni boma, ambiri a iwo olankhula Chisena chomwecho ndi odziwa miyambo yomweyo ya maliro, mpaka pangano la mtendere la ku Rome la mu 1992 litawatsegulira njira yobwerera.

Kuchokera mu 1994 bwalo la nthabwala lakula kuposa mudzi. Zisudzo za Izeki ndi Jakobo, zimene John Nyanga ndi Eric Mabedi ankazimanga pa kufunsana ndi kuyankhana mokhota, zinafikitsa kalankhulidwe kotere kwa dziko lonse, wayilesi za m'madera monga Nyanthepa ndi Gaka ku Nsanje zinapatsa omvera mwayi woimba foni ndi kuyankhana pa mphepo, ndipo magulu a pa WhatsApp ndi Facebook a anthu ochokera m'chigwa, ena ali ku Nchalo, ena ku Blantyre kapena ku Johannesburg, amapitiriza kufunsana mafunso a dala ndi kulangizana zosatheka. Chimene chasintha ndi maziko a chilolezo: pabwalo la kale aliyense ankadziwa amene ali msuweni, mlamu kapena sabwira wa mnzake, pamene pa foni mawu amatha kutumizidwa kwa anthu amene sakudziwa ubale wa oyankhulawo, ndipo amatsala olembedwa. Lamulo loona za mauthenga a pa intaneti limene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa mu 2016 lili ndi ndime zoletsa kuzunza ndi kunyoza munthu kudzera pa makina, ndipo silitchula chisuweni kapena usabwira pakati pa zifukwa zimene woimbidwa mlandu angadzitetezere nazo.