Robert Dilworth ndi masamu atsopano a ku Entebbe

Mu 1962, Zambia ikadali Northern Rhodesia ndipo Malawi akutchedwa Nyasaland, akatswiri a masamu ochokera ku America ndi ku Britain anakumana ndi aphunzitsi a mu Africa m'tawuni ya Entebbe, m'mphepete mwa nyanja ya Victoria ku Uganda. Anabwera kudzalemba mabuku atsopano a masamu, kuyambira a mwana wongoyamba kumene sukulu mpaka a ku sekondale. Misonkhanoyi inapitirira zaka zingapo, kenaka n'kusamukira ku Mombasa, koma mabukuwo anatchukabe ndi dzina loti Entebbe Mathematics. Ndalama zinkachokera ku bungwe la USAID, ndipo mwa maiko amene analowa nawo m'ntchitoyi munali Ghana, Nigeria, Kenya, Tanzania, Zambia ndi Malawi. Gulu loona za mayeso ankalitsogolera Robert Dilworth, pulofesa wa ku Caltech, amene dzina lake simungalimve m'kalasi ku Katete kapena ku Sinda, kum'mawa kwa Zambia.

Robert Palmer Dilworth anabadwa pa 2 Disembala 1914 ku Hemet, m'chigawo cha California, ndipo anakulira pafamu. Digiri yoyamba anaitenga ku Caltech mu 1936, ya udokotala mu 1939 pansi pa Morgan Ward. Atakhala zaka zochepa ku Yale anabwerera ku Caltech mu 1943, ndipo sanasamukenso mpaka kupuma ntchito. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndiyo inangomuchotsako pang'ono: mu 1944 anali ku England ndi asilikali a ndege a dziko lake, akuwerengetsa mmene mabomba ankagwera pafupi kapena patali ndi pamene analozedwa. Pofika 1950 anali pulofesa.

Gawo lake la alijebura limatchedwa lattice theory, ndipo limafufuza za dongosolo la zinthu, chiti chili pansi pa chiti. Nthawi imeneyo akatswiri ena ankaliyesa gawo lopanda mnofu, longotchula mayina atsopano pa zinthu zodziwika kale. Dilworth ndi mmodzi wa anthu amene anaonetsa kuti muli mafunso olimba ndithu, ndipo mu 1950 anasindikiza m'magazini ya Annals of Mathematics lamulo limene lero limadziwika ndi dzina lake.

Lamuloli silivuta kulimva kwa munthu amene anafikako ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti, nthawi ya Kulamba, pamene mafumu a Achewa ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amabwera kwa Kalonga Gawa Undi. Nyakwawa ya mudzi wina ili pansi pa Mfumu Kawaza, ndipo a Kawaza ali pansi pa Kalonga. Umenewo ndi mzere umodzi, aliyense ali ndi womuposa kapena womuchepera mumzeremo. Koma tikatenga a Kawaza, a Mbang'ombe ndi a Pembamoyo a ku Vubwi, palibe amene ali pansi pa mnzake. Tiyerekeze tsono kuti pali anthu 10: Kalonga, mafumu atatuwa, ndi nyakwawa ziwiri za mfumu iliyonse. Gulu lalikulu koposa la anthu osalamulirana ndi la nyakwawa 6 zija. Tikafuna kuwaimika onse 10 m'mizere, mzere uliwonse ukhale wa wamkulu ndi omutsatira, sitingachepetse mizere kuposa 6, pakuti nyakwawa ziwiri sizingaime mumzere umodzi. Ndipo mizere 6 ikwanadi, wachisanu ndi chiwiri sufunika. Chimene Dilworth anatsimikiza n'chakuti manambala awiriwa amafanana nthawi zonse, kaya zinthu zikhale 10 kaya 10,000.

Pa ufumu zimaoneka zapafupi chifukwa nyakwawa iliyonse ili ndi mfumu imodzi. Mphamvu ya lamuloli imaoneka pamene dongosolo lapiringizana. Tengani manambala amene amagawa 12 osatsala kanthu: 1, 2, 3, 4, 6 ndi 12. Apa 6 ali pamwamba pa 2 komanso pa 3, pomwe 2 ali pansi pa 4 komanso pa 6. Manambala osagawana simungawapeze oposa awiri pa kamodzi, monga 4 ndi 6, ndipo mizere iwiri ikwana: 1, 2, 4, 12 kwinaku 3, 6. Lero akatswiri a kompyuta amatsamira pa mfundo imeneyi akafuna kudziwa makina angati akwanira kugwira ntchito zimene zina ziyenera kudikira zinzake.

Nanga munthu wa masamu otere ankafunanji ku Entebbe? Chinayambitsa ndi Sputnik. Dziko la Soviet Union litaponya chombochi m'mlengalenga mu 1957, America inachita mantha kuti ana ake atsalira pa sayansi. Mu 1958 kunakhazikitsidwa School Mathematics Study Group motsogozedwa ndi Edward Begle, ndipo mapulofesa a m'mayunivesite anayamba kulembera ana a pulayimale. Maganizo awo anali akuti mwana asamangoloweza matebulo, azimvetsa chifukwa chake. Ndiye phunziro loyamba linakhala la maseti, kuika zinthu m'magulu, kuwerenga kubwere pambuyo. Maiko a mu Africa akulandira ufulu, masamu atsopanowa anawoloka nyanja. Udindo wa Dilworth unali woti dziko lililonse likhale ndi anthu akeake odziwa kukonza mayeso amakono ndi kuyeza ngati mabukuwo akuthandizadi.

Zambia inali ndi njala ya maphunziro yosaneneka. Pa ufulu mu 1964, nzika za digiri zinali pafupifupi 100 zokha, ndipo yunivesite ya dzikolo inatsegulidwa mu 1966. Boma la Kenneth Kaunda, a John Mwanakatwe ali nduna ya maphunziro, linamanga masukulu mothamanga, n'kulamulanso kuti Chingelezi chikhale chiyankhulo chophunzitsira kuyambira Giredi 1. Apa m'pamene mtolo unalemerera mphunzitsi wa kumudzi. Ambiri anali ofika Sitandade 6 n'kuchita kosi ya uphunzitsi, ndipo iwo eni anaphunzira masamu a kuphatikiza, kuchotsera ndi kuimba matebulo. Tsopano ankayenera kufotokozera mwana wa zaka 7, amene kwawo amayankhula Chichewa kapena Chinsenga chokha, za seti yopanda kanthu, m'Chingelezi. Mapulofesa aja analemba zolondola, koma ankalemba ali m'mphepete mwa nyanja ya Victoria. Kalasi ya ana ochuluka okhala pansi, buku limodzi ndi choko chotherapo, sanaiwerengere mokwanira.

Madandaulo sanachedwe, ndipo anayambira kwawo komwe. Mu 1973 Morris Kline, pulofesa wa ku New York, anatulutsa buku lodzudzula masamu atsopanowa lotchedwa Why Johnny Can't Add. Makolo ankadabwa mwana wodziwa mawu akuluakulu koma wolephera kuwerengera chenje pagolosale. Nigeria inawathetsa m'masukulu ake mu 1977, ngakhale kuti mmodzi wa anthu amene anagwira ntchito ya ku Entebbe ija mwakhama anali wa komweko, Grace Alele-Williams, amene mu 1985 anadzakhala mkulu wa yunivesite ya Benin.

Komabe sizinapite zonse. Ku Zambia maseti anakhazikika m'silabasi kuyambira makalasi oyambirira, ndipo mnyamata wa ku Chassa kapena mtsikana wa ku Katete Secondary akamakonzekera mayeso a Giredi 12 amajambulabe mabwalo olowana a Venn, kufuna kupeza ophunzira angati amakonda mpira ndi netibo zonse ziwiri. Kunena zoona, chimene chinafika m'makalasi ndi chikopa chabe cha maganizo aja. Mfundo ya dongosolo, imene Dilworth anaithera moyo wake wonse ndiponso imene mwana wa kwa Kawaza akanaimva msanga, imaphunzitsidwa ku yunivesite kokha.

Dilworth anapuma ntchito mu 1982, ataphunzitsa anthu 17 mpaka digiri ya udokotala. Mwa iwo munali Curtis Greene, amene limodzi ndi Daniel Kleitman anakulitsa lamulo la mphunzitsi wake, ndi Juris Hartmanis wobadwira ku Latvia, amene anatembenukira ku sayansi ya kompyuta nakalandira mphotho ya Turing mu 1993. Dilworth anamwalira pa 29 Okutobala chaka chomwecho, ali ndi zaka 78.