Thanthwe Limene Linatenga Dzina la Sitima Yomwe Linamiza

Pafupi ndi tauni ya Gansbaai, kumwera chakum'mawa kwa Cape Town, mtunda umalowa m'nyanja pamalo otchedwa Danger Point, ndipo patsogolo pake, pansi pa madzi, pali thanthwe lotchedwa Birkenhead Rock. Dzinali linachokera kutali. Mwini wake ndi tauni ya ku England, kutsidya kwa mtsinje wa Mersey moyang'anizana ndi Liverpool, kumene John Laird anamanga sitima yachitsulo mu 1845, imene inatchedwa HMS Birkenhead. Pa 25 Febuluwale 1852 sitimayo inanyamuka ku Simon's Town kupita ku Algoa Bay itanyamula asilikali okamenyana ndi Axhosa. Cha m'ma 2 koloko usiku womwewo inagunda thanthwe limene silinali pa mapu, ndipo pasanathe theka la ola inali itathyoka n'kumira. Mwa anthu pafupifupi 640, anapulumuka 193 okha. Ambiri amakumbukira tsikuli chifukwa cha asilikali amene anaima pamzere kuti amayi ndi ana ayambe kukwera mabwato, ndipo n'zoyenera kutero. Koma dzina la thanthweli likunena china chowawa: malo oopsa chotere anadziwika kwa olemba mapu anthu mazana atatayika kale.

Ena amati vuto silinali mapu koma kaputeni, Robert Salmond, amene anayendetsa sitima moyandikira kwambiri gombe pofuna kufika msanga, ndiponso analamula kuti injini zibwerere m'mbuyo atagunda kale, zimene zinang'amba chitsulo cha pansi. Mlandu umenewo ulipodi, sitingaukane. Komabe, mphindi zochepa ngoziyo isanachitike, woyeza kuya kwa madzi anapeza mamita pafupifupi 22, kuya kokwanira sitima iliyonse ya masiku amenewo. Nyanja inali bata usikuwo, ndipo bata lomwelo ndi limene linabisa mwalawo, pakuti thanthweli limaonekera mafunde akamaswekerapo nthawi ya mkuntho. Maso sakanaliona, chingwe choyezera sichinalipeze. Chimene chikanachenjeza kaputeni ndi pepala lokha, ndipo pepalalo linali chete. Si ku South Africa kokha kumene zinatero: Quetta Rock ya ku Torres Strait inatchedwa dzina la sitima ya RMS Quetta, imene inamira mu 1890 itagunda mwala wosalembedwa, n'kupha anthu 134.

Palinso amene angafunse chifukwa chake gombe la Africa lisungebe dzina la sitima yonyamula asilikali okalanda dziko la Axhosa. Funsoli n'lolemera, ndipo wofotokoza mbiri ya Birkenhead asabise kumene asilikaliwo ankapita. Koma dzina la pa mapu a panyanja lili ndi ntchito ina yosiyana ndi chipilala chaulemu. Woyendetsa sitima akaliwerenga amadziwa kuti pamenepo panafa anthu, ndipo amapatuka. Ngakhale zinali choncho, akuluakulu anazengereza: nsanja ya nyali ya pa Danger Point inayamba kuwala mu 1895, patapita zaka 43, sitima zina zitaswekanso m'gombe lomwelo. Dzinali lisafafanizidwe, chifukwa mlandu umene likusunga ndi wa iwo amene ankatumiza anthu m'madzi amene sanayezedwe mokwanira.